Kukasewera gofu m'chipululu cha Arizona: kuyambira posankha mwezi mpaka pa dzenje la 18

Pa bwalo la gofu wamba, mpira ukaphonya fairway, njira ya kapinga wometedwa yolowera ku dzenje, umagwera mu udzu wautali, mumaupeza, n'kuukankhira patsogolo. M'chipululu mulibe zimenezo. Kapinga akangotha, pamayamba miyala, nsangalabwi ndi minga, ndipo nthawi zambiri malire ake amakhala owongoka ngati adachita kudula ndi mpeni. Chifukwa chake ndi madzi. Mu 1980 boma la Arizona, ku America, lidakhazikitsa lamulo loteteza madzi apansi panthaka, ndipo mabwalo atsopano ozungulira mzinda wa Phoenix adayamba kupatsidwa madzi okwanira kuthirira maekala pafupifupi 90 okha pa maenje 18. Omanga mabwalo adayamba kudzala kapinga pokhapo pomwe mpira uyenera kutera, kwinako n'kusiya chipululu mmene chidalili. Bwalo la Desert Highlands ku Scottsdale, lomwe Jack Nicklaus adalikonza n'kutsegulidwa mu 1983, ndi limodzi mwa oyamba kutchuka ndi kamangidwe kameneka. Choncho kukongola komwe mukukwerera ndege kukaona, zilumba za kapinga wobiriwira pakati pa miyala yofiirira, ndi komwenso kudzakudyereni mipira. Malangizo ali pansipa ndi okuthandizani kuti mukasangalale nako popanda kubwerako chikwama chili pepuu.

1. Yambani ndi mwezi, bwalo pambuyo

Nyengo yabwino kwambiri ndi kuyambira Januwale mpaka Epulo. Masana kumakhala kofunda bwino, kumwamba kuli mbee, kapinga ali biriwiri. Vuto n'loti aliyense amadziwa zimenezi, makamaka anthu othawa chisanu ku Canada ndi kumpoto kwa America, ndiye mitengo imakwera. Pa mabwalo otchuka kusewera kamodzi kumatha kufika madola 300 kapena kupitirira apo. Kumayambiriro kwa Febuluwale kumakhalanso mpikisano wa WM Phoenix Open pa bwalo la TPC Scottsdale, ndipo sabata imeneyo malo ogona amasowa.

Juni mpaka Ogasiti mitengo imatsika kufika theka kapena kuchepera apo, koma kutentha kwake si kwamasewera. Mu 2023 mzinda wa Phoenix udakhala masiku 31 otsatizana kutentha kukufika madigiri 43 kapena kuposa. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala kumabweranso mvula yamkuntho, ya ziphaliwali ndi chimphepo cha fumbi, ndipo makwawa ouma odutsa m'bwalo amatha kusefukira m'kanthawi kochepa.

Msampha womwe alendo ambiri amagweramo uli pakati pa kumapeto kwa Seputembala ndi kumayambiriro kwa Novembala. Kapinga wa mabwalo ambiri kumeneko ndi wa mtundu wa bermuda, womwe umakonda kutentha koma kukazizira umagona n'kusanduka wotuwa. Pofuna kuti bwalo likhale lobiriwira m'miyezi yozizira, amametera bermuda pansi penipeni n'kufesa mbewu ya ryegrass pamwamba pake. Bwalo limatsekedwa milungu iwiri kapena itatu, ndipo likatsegulidwa limakhala lonyowa, ma green (kapinga wosalala wozungulira dzenje) ali ochedwa, timagalimoto tonyamula osewera tikuloledwa kuyenda m'njira ya simenti mokha. Musanalipire kalikonse, funsani tsiku lomwe akufesa, ndipo pitani patadutsa mwezi kuchokera pomwe atsegulanso.

Kwa ine, nthawi yomwe mtengo ndi ubwino zimakumana ndi kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Disembala, kapena kumapeto kwa Epulo kulowa mu Meyi. Mu Disembala ndi Januwale dziwani kuti chisanu chimagwa usiku, ndipo salola munthu kuponda kapinga wachisanu chifukwa amafa. Nthawi yoyambira ya 7 koloko imatha kusunthidwa ndi ola limodzi kapena awiri, ndiye m'miyezi imeneyi pemphani cha m'ma 10 koloko.

2. Sankhani bwalo lolingana ndi kamenyedwe kanu

Apa khalani oona mtima. Mabwalo a m'zithunzi zokongola kwambiri ndi omwenso ali ankhanza kwambiri.

Ku Scottsdale, Troon North ili ndi mabwalo awiri, Monument ndi Pinnacle. Monument, yomwe Tom Weiskopf ndi Jay Morrish adaikonza n'kutsegulidwa mu 1990, idatenga dzina lake ku chimwala chachikulu chomwe chidaima pakati penipeni pa fairway ya dzenje lachitatu. Mumayenera kusankha mbali yochidutsira musanamenye. We-Ko-Pa ili pa malo a mtundu wa anthu a Fort McDowell Yavapai, ndipo ubwino wake waukulu n'ngwoti m'mbali mwa maenje mulibe nyumba, mumangoona mapiri ndi chipululu. Bwalo lake la Saguaro, la Bill Coore ndi Ben Crenshaw, lidatsegulidwa mu 2006. Lili ndi ma fairway otakasuka ndipo lidamangidwa moti munthu atha kuyenda wapansi. Amene akupita koyamba ndingamulangize kuyambira pamenepo. TPC Scottsdale njofunika kwa wofuna kuima pomwe akatswiri amaima, makamaka pa dzenje la 16 pomwe Tiger Woods adalowetsa mpira ndi shoti imodzi mu 1997, koma pa nkhani ya maonekedwe a chipululu imachepekedwa ndi ziwiri zinazo.

Mukafuna kupyola malire a Arizona, ku La Quinta m'boma la California kuli Stadium Course ya PGA West, ntchito ya Pete Dye. Akatswiri ataiseweramo mpikisano mu 1987 adadandaula kuti njovuta mopyola muyeso mpaka idachotsedwa pa ndandanda kwa zaka zambiri. Ku Mesquite m'boma la Nevada, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Las Vegas, kuli Wolf Creek, yokwera ndi kutsika m'zigwembe moti ngakhale kuyendetsa kagalimoto kokha kumafuna mtima. Bwalo la Furnace Creek ku chigwa cha Death Valley, ku California, lili mamita 65 kunsi kwa mulingo wa nyanja. Ndipo zambiri zomwe zili m'malangizo ano zimagwiranso ntchito ku Emirates Golf Club ya ku Dubai, yomwe idatsegulidwa mu 1988, kapena ku Rossmund pafupi ndi Swakopmund m'chipululu cha Namib.

3. Sungitsani malo

Mabwalo ambiri amatsegula ndandanda yosungitsira malo pa intaneti miyezi iwiri kapena itatu tsiku lisanafike, ndipo mtengo umasintha malinga ndi kuchuluka kwa ofuna. Onetsetsani ngati kagalimoto ndi mipira yoyeserera zili mu mtengo womwewo, komanso kuti mutha kusintha tsiku mpaka liti osalipira. Za chitupa cha visa yambani kale kwambiri musanalipire bwalo. Ndege zambiri zimatera pa Phoenix Sky Harbor, ndipo mufunika galimoto yobwereka chifukwa mabwalowa ali motalikirana. Tsiku lofika musasewere. Thupi lomwe langotsika ndege ya maola ambiri limakhala louma kale.

4. Zolongedza

Mipira tengani yambiri, yotsika mtengo. Ngati pa bwalo wamba mumataya iwiri, kuno werengerani isanu ndi umodzi. Mpira ukagunda mwala umakalika ngakhale mutaupeza.

Chinthu chomwe eni dera saiwala ndi ndodo yakale, kawirikawiri wedge kapena 7 iron (ndodo za mutu wachitsulo zomenyera mtunda waufupi ndi wapakati) yotha ntchito, yomenyera mpira ukakhala pamiyala. Shoti imodzi yokha pa nsangalabwi imasiya chipsera pansi pa ndodo yatsopano. Kumbukirani kuti malamulo amalola ndodo 14 zokha, ndiye yakaleyi ikalowa ina ituluke.

M'thumba la chikwama ikanimo chipeso cha mano otalikirana ndi kopanira kozulira minga. Ntchito yake muiona pa gawo 7. Onjezani chipewa cha mlomo waukulu, magalasi adzuwa, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, mafuta apamilomo, botolo losunga madzi ozizira, ndi juzi yopepuka ya m'mawa, pakuti m'chipululu kusiyana kwa kuzizira kwa mbandakucha ndi kutentha kwa masana n'kwakukulu. Malaya akhale a kolala. Ndodo zanu zikamakwera ndege, masulani mutu wa driver, ndodo yomenyera patali kwambiri, ngati umachoka n'kuukulunga padera.

5. Mukafika pa bwalo, funsani mafunso atatu

Fikani kutatsala ola limodzi. Anyamata olandira zikwama adzanyamula chanu n'kuchimangirira pa kagalimoto, ndipo mwambo wa kumeneko ndi kuwapatsa madola angapo. Mukamaliza kulembetsa, pitani kwa woyambitsa osewera pa tee yoyamba (tee ndi pomwe mumamenyera shoti yoyamba ya dzenje lililonse).

Funso loyamba: kodi pano mumatsata lamulo la chipululu? Mabwalo ambiri amatenga chipululu ngati malo achilango a zikhomo zofiira, ndipo zimenezi zimasintha kasewero konse, monga muonere kutsogoloku. Lachiwiri: timagalimoto tikuloledwa pa kapinga lero? Lachitatu, lofunika kuposa onse: kuchokera pa tee iliyonse, mtunda wautali kwambiri womwe mpira uyenera kuuluka usanafike pa kapinga ndi mayadi angati?

Yankho la funso lachitatuli ndi lomwe likusankhireni tee, osati kunyada. Pa bwalo wamba, mpira womenyedwa pamwamba umagubuduzika mpaka kufika pena pake. Kuno pakati pa tee ndi fairway pali mayadi 150 kapena 180 a zitsamba zaminga, ndipo mpira wosakwera umathera momwemo. Ngati driver yanu imauluka mayadi 200 tsiku labwino, musasankhe tee yomwe imafuna 190. Sunthirani kutsogolo ndi tee imodzi kuposa yomwe mudazolowera. Mapiri amaoneka chimodzimodzi kuchokera pa tee yoyera, yakutsogolo, ndi yakuda, yakumbuyo. Ozolowera mamita akumbukire kuti zonse kumeneko amayeza m'mayadi, ndipo mayadi 100 ndi mamita 91.

Poyeserera, musangotenthetsa thupi. Yang'anani pomwe 7 iron yanu ikutera. Kumpoto kwa Scottsdale n'kokwera mamita opitirira 600, ndipo mpweya wa malo okwera ndi otentha umakhala wopepuka, choncho masana mpira umapita patali pang'ono. Anthu amakonda kunena kuti n'chifukwa cha kuuma kwa mpweya, koma kuumako sikuthandiza kanthu, chomwe chimagwira ntchito ndi kukwera kwa malo ndi kutentha. M'mawa wozizira wa Januwale mpira womwewo umafupika, mwina mpaka kufunika ndodo yomenyera patali kuposa ya nthawi zonse.

6. Pa tee: funani kapinga, osati mtunda

Musanamenye, onani chithunzi cha dzenje pa kakompyuta ka m'kagalimoto kapena m'kabuku ka mitunda, n'kupeza pomwe fairway ili yotakasuka kwambiri. Menyerani pamenepo, ngakhale zitatanthauza kusiya driver n'kutenga 3 wood kapena hybrid, ndodo zosapita patali ngati driver. Ma fairway a m'chipululu amakonda kuthina pomwe driver imatera, kapena kudulidwa ndi khwawa lopingasa. Nthaka yake njolimba, mpira umadumpha n'kuthamanga, ndiye werengerani ndi kugubuduzika komwe. Shoti yabwino yomwe yathamanga mpaka kulowa m'khwawa ilibe kusiyana ndi yoipa.

Maso amanamanso kuno. Kulibe mitengo italiitali yoyezera mtunda, mpweya ndi woyera, ndipo phiri lomwe likuoneka ngati lili kuseri kwa green lili makilomita ambiri kutali. Khulupirirani nambala ya pa chipangizo choyezera. Pa tee zokwera, mpira umakhalitsa m'mwamba ndipo mphepo imaupatutsa kwambiri kuposa mmene mukuimvera pankhope.

Polozera sankhani chinthu chimodzi chooneka, monga saguaro wamtali kumapeto kwa fairway. Saguaro ndi chomera chija chaminga chonga chipilala chokhala ndi mikono, ndipo chimamera mwachilengedwe m'chipululu cha Sonoran mokha. Chimatha zaka 50 kapena kuposa chisanatulutse mkono woyamba, ndipo chimakhala zaka zoposa 150. Zomwe zidaima pafupi ndi ma tee muziyang'anitsitse podutsa: zili ndi mabowo ozungulira, ena mipira yoyera idakali m'kati momwe idalowera. Lamulo la Arizona limateteza zomerazi, ndiye osazikanda ndi ndodo pofuna kuchotsa mpira.

7. Mpira ukalowa m'chipululu

Udzalowa ndithu, ngakhale mutasamala bwanji, ndipo apa ndi pomwe tsiku limakoma kapena kuonongeka.

Ngati bwalo likutsata lamulo la chipululu, njira yachidule ndi iyi: onjezani shoti imodzi yachilango, pezani pomwe mpira udadutsira malire a kapinga komaliza, yezani ndodo ziwiri osayandikira ku dzenje, ndipo gwetsani mpira kuchokera pa msinkhu wa bondo. Simufunikanso kuufunafuna. Ngati bwalo silitsata lamuloli, mpira wotayika umakubwezani pomwe mudamenyera ndi chilango, choncho menyerani wina wongoyembekezera musanachoke pa tee. Nthawi yofunafuna ndi mphindi 3 basi. Malo ena ali ndi zikhomo za mitu yobiriwira, kusonyeza kuti ndi otetezedwa, ndipo m'menemo simuyenera kusewera ngakhale mpira mukuuona.

Mukaganiza zolowa kukautenga, tengani ndodo m'manja. Yendani pang'onopang'ono mukuyang'ana poponda, mukugogoda pansi. Osalowetsa dzanja pansi pa chitsamba kapena m'mphako ya mwala, kokani mpira ndi ndodo. Kuyambira Malichi mpaka Okutobala njoka za rattlesnake zimakhala zili panja, ndipo zimakonda mthunzi womwewo womwe mpira umakaima. Ikakwiya imaliza mchira ngati maseche, koma si nthawi zonse imachenjeza. Mukaimva, imani, muione pomwe ili, bwererani chafutambuyo. Malamulo a gofu pa ndime 16.2 amakulolani kusuntha mpira kwaulere ngati nyama yoopsa ili pafupi, koma ndime yomweyo imanena poyera kuti minga ya cactus, zomera zaminga monga saguaro, siiwerengedwa. Mpira wotsamira chomera chaminga ndi woti muulengeze kuti sungamenyeke, mulandire shoti imodzi. Munthu akalumidwa, musacheke bala, musayamwe, musamange chingwe. Muvuleni mphete ndi wotchi, akhale phee, imbani 911, nambala ya zangozi kumeneko.

Chomera chovutitsa kuposa njoka ndi cholla. Chimaoneka chofewa, chaubweya wagolide dzuwa likachiwomba, koma timfundo take timathothoka mukangokhudza pang'ono, ndipo tina timakhala tili mbwee pansi mozungulira tsinde. Minga yake ili ndi tingowe tobwerera m'mbuyo. Kamfundo kakamatirira pa sokosi, dzanja limathamangira kukachotsa, ndiye kamasamukira pa zala. Apa ndi pa ntchito ya chipeso chija: chilowetseni pakati pa khungu ndi kamfundoko, n'kukankha mwamphamvu kamodzi, kulozetsa kumbali komwe kulibe mnzanu. Minga yotsalira zulani umodziumodzi.

Mpira ukakhala poyera pa nthaka yolimba, mutha kuumenya. Miyala yosakhazikika mumaloledwa kuichotsa, bola mpira usasunthe. Kukula kwa mwala si nkhani: mu 1999 pa dzenje la 13 la TPC Scottsdale, gulu la oonerera lidathandiza Tiger Woods kugubuduza chimwala chachikulu chomwe chidatsekereza mpira wake, ndipo oweruza adavomereza. Inu simudzakhala ndi gulu lotero, ndiye onani kaye ngati kutsogolo kuli mwala womwe ungabweze mpira kumaso kwanu. Tengani ndodo yakale ija, igwireni motsikirako, mpira ukhale chakumbuyo pang'ono pakati pa mapazi, thupi lilemerere mwendo wakutsogolo, ndipo ndodo ikhudze mpira isanakhudze nthaka. Sand wedge, ndodo yomenyera mumchenga, siyenera pano chifukwa pansi pake potambalala pamadumpha pa nthaka youma n'kumenya mpira pamimba. Cholinga chikhale chimodzi, kubwerera pa kapinga ndi njira yaifupi. Green muiganizire pa shoti yotsatira.

8. Pa green

Ma green a m'chipululu amakhala olimba, makamaka masana. Mpira uzitera kutsogolo kwa mbendera n'kudziyendera. Kuphonya chakutsogolo kumakusiyani pa kapinga, kupyola kumakuponyani m'miyala.

Powerenga kutsetsereka, yambani mwayang'ana phiri lalikulu lapafupi. Dera lonse limatsika kuchoka kuphiri kupita kuchigwa, ndipo green yomwe ikuoneka yosalala kawirikawiri imapendekera komweko. Ku La Quinta ndi Palm Springs osewera amangoti mpira uliwonse umakhotera ku Indio, tauni yomwe ili kumunsi kwa chigwacho. M'miyezi yotentha, pomwe mukusewera pa bermuda weniweni, onaninso komwe udzu wagonera. Ukaoneka wonyezimira ndiye kuti wagonera komwe mukulozera ndipo mpira uthamanga, ukaoneka wakuda wagonera kwa inu ndipo muyenera kumenya molimbirako. Pakamwa pa dzenje, mbali yomwe yanyenyeka ndi kuuma ndi komwe udzu ukulowera.

9. Madzi

Kumeneko thukuta limauma lisanaoneke, malaya amakhala ouma, ndiye munthu amaganiza kuti sakutaya madzi. Yambani kumwa usiku wake, ndipo pa bwalo imwani pa tee iliyonse ngakhale ludzu lisanakupezeni. M'miyezi yotentha onjezani chakumwa chobwezeretsa mchere m'thupi, mowa udikire mpaka mutamaliza. Mutu ukayamba kuwawa, chizungulire, nseru kapena kukokana kwa minofu, lekani pomwepo, khalani pamthunzi, ikani thaulo lonyowa pakhosi. Mnzanu akayamba kulankhula zosokonekera, imeneyo ndi ngozi yofuna ambulansi, osati yodikira kuti mutsirize dzenje. Lipenga la bwalo likalira chifukwa cha mphezi, bwererani ku nyumba ya bwalo, ndipo osayesa kuwoloka khwawa lomwe madzi ayamba kuyenda.

10. Zithunzi, liwiro ndi potsiriza

Kuwala kokoma kumabwera ola loyamba dzuwa litatuluka ndi ola lomaliza lisanalowe, pomwe miyala imafiira ndipo mithunzi ya saguaro imatalika. Ngati ulendo wanu uli ndi masiku angapo, sungani tsiku limodzi la masewero a madzulo, omwenso amakhala otsika mtengo, koma funsani nthawi yolowera dzuwa chifukwa mu Disembala mdima umagwa isanakwane 6 koloko ndipo mutha kutsala ndi maenje atatu. Jambulani pomwe anzanu akumenya, osati nthawi yanu itakwana. Oyang'anira bwalo amayembekezera kuti mutsirize m'maola anayi ndi theka, ndipo amakuuzani mosabisa mukatsalira. Nyama zomwe mungakumane nazo, monga javelina zofanana ndi nguluwe, ankhandwe a mtundu wa coyote ndi mbalame zothamanga pansi za roadrunner, zionereni patali ndipo musaziponyere chakudya.

Mukatsika pa dzenje la 18, anyamata aja adzapukuta ndodo zanu, ndipo apanso mumawapatsa kangachepe. Musanaike nsapato m'chikwama, zitembenuzeni muone kunsi ndi m'zingwe. Minga ya cholla imabisala m'menemo, ndipo chala chimaipeza mawa lake pomanga nsapato. Onaninso thaulo la pa chikwama ngati lidakhudza pansi, ndipo mipira yokalika ipatuleni kuti mawa mudzaigwiritse ntchito pa maenje ofuna kuulutsa mpira pamwamba pa chipululu.